Phunziro 9: Malipiro a Waganyu Dzuwa Lisanalowe

SABATA MASANA

Werengani mlungu uno Levitiko 19:13, Deuteronomo 24:14, 15, Miyambo 3:27, 28 ndi Yakobo 5:1-6. Vesi loloweza ndi Deuteronomo 24:15.

Aliyense amene anakhalako ku Bembeke m'nyengo yokumba mbatata ya kachewere adziwa m'mene tsiku limathera kumunda. Chisanu chimayamba kutsika m'mapiri dzuwa lisanabisale, matumba asokedwa pakamwa ndi kuimikidwa m'mphepete mwa munda, ndipo anthu amene akhala akukumba chiyambire mbandakucha amasasa dothi m'manja nayandikira mwini munda. Tiyerekeze kuti ndi Lachisanu, ndipo mwini mundayo ndi mlongo wa mu mpingo mwathu amene mtima wake uli kale kunyumba, kumene ndiwo za pa Sabata sizinapse. Bambo wina wachikulire avula chipewa nati, "Mayi, ndime ija tatsiriza." Mlongoyo ayankha mwaulemu ndithu: "Pepani bambo, ogula a ku Lilongwe sanandipatsebe ndalama. Mubwere Lolemba." Bamboyo awomba m'manja natsika phiri chimanjamanja. Mlongo afika kwawo nthawi yabwino, nalandira Sabata ndi nyimbo ndi pemphero.

Kodi mlongoyu wachimwa? Sananame, sanakane ngongole, ndipo Lolemba adzalipiradi. Ambiri a ife tikanayankha msanga kuti palibe mlandu, pakuti ifenso tinachitapo chomwecho. Koma alipo anthu amene akhala akulisanthula funso limeneli kwa zaka pafupifupi 2,000, ndiwo Ayuda, amene anali oyamba kusungizidwa mawu a Mulungu (Aroma 3:1, 2). Ife timatchedwa anthu a malamulo, ndipo mishoni yathu yoyamba m'dziko muno, imene inayamba mu 1902, inapatsidwa dzina lakuti Malamulo mu 1907. Chotero nkoyenera kuti mlungu uno tione m'mene aphunzitsi a Chiyuda anatengera lamulo limodzi la Mose nalitsikira nalo kumunda ndi kumsika, ndipo tidziyese ngati ife talifikitsa komweko.

TSIKU LOYAMBA: Anthu Ophunzira Chilamulo Awiriawiri

Kodi Mose analamula kuti mawu a Mulungu azikambidwa pa nthawi ziti ndi m'malo ati? Deuteronomo 6:6, 7. Nanga Ezara anaika mtima wake pa zinthu zitatu ziti? Ezara 7:10.

Aroma atapasula kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70 A.D., Ayuda anatsala opanda guwa la nsembe ndi utumiki wa ansembe. Chimene anatsala nacho ndicho mabuku asanu a Mose, amene iwo amawatcha Torah, ndipo arabi, ndiwo aphunzitsi awo, anapanga kuphunzira mabuku amenewa kukhala mzati wa chipembedzo chonse. Cha m'ma 200 A.D., Rabi Yehuda ha-Nasi anasonkhanitsa zigamulo zimene zinkaphunzitsidwa pakamwa nazisanja m'buku lotchedwa Mishnah, la zigawo zazikulu 6 ndi timabuku 63. Mibadwo yotsatira, ku Galileya ndi ku Babulo, inakambirana chigamulo chilichonse kwa zaka mazana atatu kapena kuposerapo, ndipo zokambiranazo ndizo Talmud. Malamulo onse a makhalidwe a tsiku ndi tsiku iwo amawatcha halakha, liwu lochokera ku mneni wa Chihebri wotanthauza kuyenda. M'chinenero chathu tingati mayendedwe.

Kabuku kamodzi ka mu Mishnah, kotchedwa Bava Metzia, kapena kuti Chipata Chapakati, kamakamba za zinthu zotola panjira, zosungiza, zobwereka, ngongole ndi aganyu. Zambiri za m'phunziro lino zachokera m'menemo.

Kaphunziridwe kawo nkochititsa chidwi. M'sukulu zawo za chilamulo ophunzira amakhala awiriawiri, buku lili pakati, nawerenga mofuula. Mmodzi akanena tanthauzo, mnzake amayesetsa kupeza pofooka, ndipo kutsutsana koteroko amakuyesa ulemu kwa mawuwo. Mu 1923 Rabi Meir Shapiro wa ku Poland anayambitsa dongosolo lakuti Myuda aliyense, kulikonse kumene ali, aziwerenga tsamba limodzi la Talmud pa tsiku. Masambawo alipo 2,711, ndipo kuwatsiriza kumatenga zaka 7 ndi miyezi 5. Ochita malonda, madokotala ndi oyendetsa galimoto amawerenga tsamba lawo m'mawa asanapite ku ntchito. Ife amene timavutika kutsiriza tsamba limodzi la phunziro la Sukulu ya Sabata, ndi kudzaliwerengera lonse pamodzi Lachisanu usiku, tili nacho chophunzirapo.

Talmud imasimba za Hillel, mphunzitsi wamkulu amene anakhalako m'masiku a Herode, kuti pa unyamata wake anali waganyu. Theka la malipiro ake a tsiku ankapatsa mlonda wa pakhomo la nyumba yophunziriramo, theka linalo nkudyetsa banja. Lachisanu lina m'nyengo yozizira sanapeze ganyu, mlonda anamukaniza kulowa, ndipo anakwera padenga kukamvera chiphunzitso pa zenera la pamwamba. Mamawa anamupeza atakwiririka ndi chipale chofewa, ndipo aphunzitsiwo anamutsitsa, namusambitsa, namukhazika pamoto ngakhale linali Sabata. Amene anagonapo panja mu July kuno ku Dedza angamvetse pang'ono. Nkhaniyi itithandiza kuona kuti ena mwa amene ankakambirana za malipiro a aganyu anali atayembekezerapo okha malipirowo.

Tichenjezane tisanapitirire. Mabuku awa sali pa mlingo umodzi ndi Malemba, ndipo Yesu anadzudzula miyambo ina imene inkapeputsa lamulo la Mulungu (Marko 7:9-13). Koma pa Mateyu 23:23 Iye sanawaletse kusamala zazing'ono. Anawadzudzula chifukwa chosiya chiweruzo, chifundo ndi chikhulupiriro. Mkhristu amene amatchula Ayuda monyoza, ngati kuti onse anali achinyengo, waiwala kuti Ambuye wake anakulira m'sunagoge.

LOLEMBA: Mavesi Awiri ndi Usiku Umodzi

Yerekezerani Levitiko 19:13 ndi Deuteronomo 24:14, 15. Kodi malire a nthawi yolipira ndi amodzi m'mavesi onsewa?

Wowerenga mofulumira adzati mavesiwa akunena chinthu chimodzi. Arabi anaona kusiyana. Levitiko akuletsa kuti malipiro agone kwa wolemba ntchito mpaka kucha, pamene Deuteronomo akulamula kuti aperekedwe dzuwa lisanalowe. Nanga malire ndi ati, kucha kapena kulowa kwa dzuwa? Iwo anagamula kuti Levitiko akunena za waganyu wa masana, amene amaweruka dzuwa likulowa: wolemba ntchito ali nawo usiku umenewo kuti amulipire, koma kusache asanatero. Deuteronomo, iwo anati, akunena za wogwira ntchito usiku, monga mlonda, amene amaweruka m'mawa: ameneyu alipidwe dzuwa la tsiku lomwelo lisanalowe. Wa pa mlungu kapena wa pa mwezi alipidwe tsiku limene nthawi yake yakwana. Anaonjezanso kuti lamuloli limakhudza mtengo wobwerekera chiweto kapena chipangizo, kotero kuti amene wabwereka ngolo ndi ng'ombe za mnzake kuti zitsitse matumba ku msewu wa M1 ali pansi pa lamulo lomweli.

Ife tikawerenga Deuteronomo payekha tiona ngati Mose anafuna kuti wosauka alandire chake madzulo a tsiku lomwe wagwira, ndipo m'fanizo la Yesu mwini munda wa mpesa analipira aganyu ake madzulo ndithu (Mateyu 20:8). Kaya titsate tanthauzo liti, nthawi imene yaperekedwa ndi theka la tsiku. Kuchokera Lachisanu mpaka Lolemba ndi masiku atatu.

Kodi Mose anapereka chifukwa chanji cha kufulumira kotere? Werenganinso Deuteronomo 24:15.

Vesili likunena kuti munthuyo ndi waumphawi ndipo moyo wake wonse waukoleka pa malipirowo. Talmud imafunsa chifukwa chimene munthu amakwerera pamwamba pa nyumba yomangidwa kapena kulendewera mu mtengo, nadziika pafupi ndi imfa, niyankha kuti amatero chifukwa cha malipiro ake. Chotero womana waganyu chake ali ngati womulanda moyo. Inawerenganso malamulo amene munthu wotere waswa, nipeza oletsa 5 ndi lolamula 1. Mawu amenewa angaoneke okokomeza mpaka titakumbukira mwezi wa February, pamene nkhokwe zili pululu ndipo mayi amasiya munda wake osabandira kukagwira ganyu m'munda wa wina kuti apeze ufa wa usiku umodzi. Kwa mwini munda ndalamayo ndi yaing'ono, yoti nkuiwala. Kwa mayiyo, ndiyo imene idzanena ngati moto uyake pa mafuwa kapena ayi.

Nanga kukacha munthu asanalipire, ndiye kuti lamulo latha? Funsoli linafunsidwa, ndipo Rav, amene anayambitsa sukulu ya ku Sura m'dziko la Babulo m'zaka za m'ma 200, anati kuchedwetsako kukadali mlandu, ndipo Talmud imaloza ku Miyambo 3:28, vesi limene limaletsa kubweza mnzako kuti abwerenso mawa pamene chinthucho uli nacho. Ndiye kuti "mubwere mawa" aliyense ali ndi mlandu wakewake. Ndipo tisaiwale kuti kubweranso kuli ndi mtengo: munthu woyenda ulendo wa ola lathunthu kukwera phiri kudzafunsa chake wataya m'mawa umene akanagwira ganyu wina.

Deuteronomo 24:14 akutchulanso mlendo. Bembeke ali pafupi ndi malire a Mozambique, ndipo achikulire akukumbukira zaka za nkhondo ya m'dzikolo, isanathe mu 1992, pamene othawa kwawo anadzaza midzi ya Dedza ndi Ntcheu nagwira ganyu pa mtengo uliwonse. Mlendo sadziwa bwalo la mfumu, alibe malume woti amulankhulire, ndipo ndiye wosavuta kumuuza kuti abwere mawa. Mose anamutchula ndi dzina kuti asadumphidwe.

LACHIWIRI: Pamene Ndalama Palibe

Mlongo wathu uja angadziteteze motere: "Ine ndalamayo ndinalibe." Arabi sananyalanyaze chodandaula chimenechi. Iwo anati lamulo likunena za malipiro amene ali m'manja mwa wolemba ntchito, kotero amene alibedi kanthu sanaswe lamulo la usiku umodzi. Anakambanso za amalonda a pa msika wa ku Sura, amene ankapeza ndalama pa tsiku la msika lokha. Anagamula kuti amalonda otere alibe mlandu akapanda kulipira madzulo omwewo, chifukwa aganyu awo amadziwa asanayambe ntchito kuti malipiro adzatuluka pa tsiku la msika. Koma tsikulo likafika, kuchedwetsanso ndi tchimo.

Chigamulo ichi chikukhala ngati chinalembedwera alimi a mbatata. Mlimi amaika ndalama zake zonse mu mbewu, feteleza ndi mankhwala opopera, ndipo sagwira kanthu mpaka galimoto ya ogula itabwera. Komabe taonani pamene chigamulochi chaimira: waganyu anadziwa asanagwire khasu. Ngati mlongo uja akananena m'mawa kuti, "Bambo, ndalama ndidzakhala nayo Lolemba, kodi mugwirabe?" bamboyo akanasankha yekha, mwina kugwira, mwina kukafuna kwina kumene angalandire tsiku lomwelo. Posanena, mlongoyo anamusandutsa womubwereka ndalama popanda kumupempha. Wosauka anakongoza wopeza bwino, ndipo anauzidwa za ngongoleyo ntchito itatha. Funso linanso limene tiyenera kudzifunsa mosabisa ndi lakuti kusowako nkotani: kodi m'nyumba munalibedi kanthu, kapena munali ndalama imene tinaisungira sopo, mafuta ophikira ndi chopereka cha mawa?

Werengani Mateyu 5:23, 24. Kodi chopereka chotengedwa pa malipiro a waganyu chingalandiridwe?

Pali chigamulo china chimene ife sitingachitsate. Talmud imati munthu akatuma mnzake kukalemba aganyu, wotumidwayo nawauza kuti malipiro adzapereka mwini munda, palibe mwa awiriwo amene waswa lamulo la usiku umodzi akachedwa: mwini munda sanawalembe yekha, ndipo wotumidwayo ntchito si yake. Ngongoleyo imakhalapobe, koma chilango cha vesilo chimazembedwa, ndipo bukulo silibisa kuti aphunzitsi ena ankalemberana aganyu pa chifukwa chimenechi. Apa tiona ngozi ya nzeru zonola kwambiri, pakuti mpeni umene umasenda bwino ungathenso kudula chala. Koma tisafulumire kuloza Ayuda, chifukwa njira yomweyi ife timaidziwa bwino. Dzina lake ndi kapitawo, ndipo mu mpingo dzina lake ndi komiti.

Tivomereze cholakwa chathu. Pa mpingo wina umene tinatumikirako tinkamanga nyumba ya mbusa, ndipo dikoni analemba amayi anayi a m'mudzi, osakhala a mpingo wathu, kuti azitunga madzi opondera dothi la njerwa. Ntchito itatha dikoni anati ndalama ili kwa msungichuma; msungichuma anati sangatulutse popanda komiti; komiti inalephera kukumana kawiri chifukwa cha maliro. Aliyense anali ndi yankho lomveka, ndipo panapita milungu itatu. Sabata lina, tili pakati pa chiphunzitso, tinaona amayi aja atakhala pansi pa mtengo kunja kwa tchalitchi. Sanalowe ndipo sanachite phokoso. Titatuluka, mmodzi anagwada nati, "Abusa, tinamva kuti lero mumakhala nonse, ndiye tinati mwina tiwapeza amene ali ndi ndalama yathu." Tinawalipira dzuwa litalowa kuchokera m'thumba la mkulu wina wa mpingo. Chaka chotsatira tinachititsa msonkhano wa chitsitsimutso m'mudzi womwewo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa m'mabanja awo amene anabwera.

LACHITATU: Pangano Limveke M'mawa

Kodi mwini munda wa m'fanizo anachita chiyani asanatumize aganyu oyamba? Mateyu 20:2, 13.

Milandu yambiri ya ganyu imabadwa m'mawa, pamene wina anena kuti, "Ingoyambani, tidzagwirizana." Mishnah imati pamene sanapangane, mwambo wa m'deralo ndiwo ulamule: ngati kumeneko aganyu salawirira kapena kuweruka mochedwa, wolemba ntchito sangawakakamize, ngati amapatsidwa chakudya, awapatse. Imasimba za Rabi Yohanan ben Matya, amene anatuma mwana wake kukalemba aganyu, mwanayo nawalonjeza chakudya osanena chakudya chanji. Atate wake anamuuza kuti lonjezo lotere silingakwaniritsidwe ngakhale ndi phwando longa la Solomo, popeza anthuwo ndi ana a Abrahamu, Isake ndi Yakobo. Anamubweza kuti akawauze momveka, ntchito isanayambe, kuti adzadya mkate ndi nyemba. Taonani ulemu umene mkuluyu anapereka kwa aganyu, ndi m'mene ulemuwo unamufikitsira pa kunena zoona zenizeni za ndiwo.

Zigamulo zina ziwiri zikutikhudza. Choyamba, amene walemba munthu kusonkhanitsa udzu sangamuuze pomaliza kuti atengeko udzu womwewo m'malo mwa malipiro, pokhapokha waganyuyo atavomera. Kwathu kuno timachita izi ndi timbatata ting'onoting'ono timene ogula akana. Kulipira ndi chimanga kapena ufa sikulakwa ngati ndilo linali pangano, ndipo m'nyengo ya njala ambiri amakonda chomwecho. Kulakwa kuli posintha pangano madzulo. Chachiwiri, pakabuka mkangano wakuti malipiro aperekedwa kapena ayi, nthawi yolipira isanadutse, waganyu ndiye amalumbira nalandira. Pa milandu yambiri wolumbira amakhala woimbidwa mlandu, koma apa anatembenuza dongosolo, chifukwa mwini munda wotanganidwa ndi antchito ambiri angaiwale amene wamulipira, pamene waganyu saiwala.

Rabi Israel Meir Kagan wa ku Radin, amene anamwalira mu 1933, analemba buku lotchedwa Ahavat Chesed m'mene anasanjamo malamulo amenewa. Iye analangiza kuti mtengo upanganidwe ntchito isanayambe, naphunzitsa kuti lamuloli limatetezanso mwana. Tikumbukire zimenezi tikamauza kamnyamata kuti katinyamulire thumba kuchokera pa msika wa Bembeke, ndi kukalonjeza "kenakake".

LACHINAYI: Udindo wa Waganyu ndi Mbiya Yosweka

Ambiri mwa ife timalemba aganyu mwezi uno ndi kukagwira ganyu mwezi wamawa. Kodi Yakobo ananena chiyani za kagwiridwe kake ka ntchito kwa Labani? Genesis 31:6, 38-40.

Maimonides, mphunzitsi ndi dokotala wa Chiyuda amene anamwalira ku Egypt mu 1204, anatsiriza malamulo ake a za aganyu ndi chenjezo lakuti monga wolemba ntchito saloledwa kuba malipiro a wosauka, momwemonso wosauka saloledwa kuba nthawi ya mwini ntchito poitaya pang'ono apa ndi pang'ono apo, ndipo anatchula Yakobo ngati chitsanzo. Talmud imasimba za munthu wopemphera dzina lake Abba Hilkiah, amene aphunzitsi anamutsatira kumunda kukamupempha kuti apempherere mvula. Anamupeza akulima, namupatsa moni, koma iye sanawatembenukire. Madzulo anawafotokozera kuti anali pa ganyu wa tsiku, ndipo sanafune kuchotsako nthawi ya mwini munda. Kwa ife a Malawi kusayankha moni ndi mwano waukulu, ndipo sitikulangiza kuti mukayesere. Koma tiganizire za kupalira kokwirira udzu ndi dothi, za mizere ya pakati pa munda imene mwini wake safikako, ndi za mbatata zodulidwa ndi khasu zoponyedwa pansi pa thumba.

Komabe waganyu si kapolo. Rav anaphunzitsa kuti wolembedwa pa tsiku angathe kusiya ntchito ngakhale pakati pa tsiku, nalandira za maola amene wagwira, pokhapokha ngati kusiyako kungaononge katundu. Anatenga mfundoyi pa Levitiko 25:55, pamene Yehova akunena kuti ana a Israyeli ndi akapolo a Iye mwini. Makolo athu a ku Chiradzulu ndi Thyolo anadziwa tanthauzo la kugwira ntchito imene sungathe kuikana, pansi pa thangata, chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira atsamunda mu January 1915. Timakwiya tikamawerenga mbiri imeneyo, ndipo nkoyenera. Koma Yakobo 5:4 sanalembedwere eni minda achizungu okha.

Nkhani yodziwika koposa m'kabuku ka Bava Metzia ndi ya amtengatenga amene anaswa mbiya ya vinyo ya mphunzitsi wina, Rabbah bar bar Hanan. Iye anawalanda zofunda zawo ngati chikole. Amtengatengawo anakadandaula kwa Rav, amene analamula kuti zofundazo zibwezedwe. Mwini vinyo anafunsa ngati chilamulo chikutero, ndipo Rav anati inde, natchula gawo loyamba la Miyambo 2:20. Atalandira zofunda zawo, anthuwo anati ndi osauka, agwira tsiku lonse, ali ndi njala ndipo alibe kanthu. Rav analamula kuti alipidwenso malipiro awo. Mwini vinyo anafunsanso ngati chilamulo chikutero, ndipo Rav anatinso inde, natchula gawo lachiwiri la vesi lomwelo.

Werengani Miyambo 2:20. Kodi Rav anaona chiyani m'vesili?

Pa chiweruzo chowuma mwini vinyo anali ndi mlandu womveka, pakuti katundu wake anaonongeka. Ofotokozera a m'mibadwo yotsatira anati Rav anamuuza kuchita zopitirira malire a chilamulo, koma chodabwitsa nchakuti Rav mwini anachitcha chilamulo. Kwa munthu wodziwa Malemba ndi wopeza bwino, chifundo kwa wanjala chinawerengedwa ngati udindo. Izi zikusiyana ndi chithunzi chimene ambiri a ife tinakula nacho, cha Ayuda odziwa zilembo zokha. Taganizirani mnyamata wa njinga amene wagwa pa chitsikiro choterera m'nyengo ya mvula, dengu lanu la tomato nkuphwanyika. Kodi mudzagwira njingayo? Nanga usiku umenewo adzadya chiyani?

LACHISANU: Zoonjezera ndi Zokambirana

Mu November 2023 achinyamata a ku Malawi okwana 221 ananyamuka pa ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo ena anatsatira pambuyo pake. Mu 2024 kunamveka madandaulo a ena mwa iwo pa nkhani ya malipiro, ndipo ena amene anasiya minda kukafuna ntchito zina anabwezedwa kumudzi. Sitikuweruza milandu imeneyo muno. Tikungoona kuti ana athu anakakhala alendo a pa Deuteronomo 24:14 m'dziko lomwelo limene vesilo linayamba kugwira ntchito, ndi kuti madandaulo a aganyu amamveka ngakhale kumene mabuku a chilamulo amawerengedwa tsiku ndi tsiku, monga amamvekera m'midzi yathu imene nyumba iliyonse ili ndi Buku Lopatulika. Werengani Malaki 3:5 ndipo muone mtundu wa ochimwa amene Yehova wawaika pa mndandanda umodzi ndi opondereza waganyu.

Lero ndi tsiku lokonzekera. Pamene mukuchapa, kusita ndi kuphika, onjezani ntchito iyi: khalani pansi muwerenge onse amene akugwirirani ntchito mlungu uno, wotunga madzi, wowaza nkhuni, woweta mbuzi, telala ndi mwini ngolo. Masiku ano ndalama imatha kutumizidwa pa lamya, kotero kutalika kwa mtunda kwasiya kukhala chowiringula kwa ambiri.

Mafunso okambirana m'kalasi. Yesani kukhala awiriawiri kwa mphindi zochepa monga amachitira ophunzira a Chiyuda, wina ayankhe, mnzake afune pofooka pa yankholo.

1. Dzuwa latsala pang'ono kulowa Lachisanu, ndipo mwakumbukira kuti simunalipire mayi amene anakupalirirani. Kwawo ndi kutsidya kwa dambo, ndipo mukapita mudzabwerako Sabata litayamba. Muchita chiyani? Kodi Mateyu 12:11, 12 akuthandizani, kapena mukungomugwiritsa ntchito kuphimba kusakonzekera kwanu?

2. Waganyu amene mumamudziwa kuti amamwa mowa watsiriza ntchito, ndipo mkazi wake wakupemphani mwamseri kuti ndalamayo mupatse iye. Kodi malipirowo ndi a yani, ndipo mungalankhule bwanji ndi onse awiri?

3. Kodi mpingo wanu uli ndi ngongole kwa womanga, wowotcha njerwa kapena mlonda aliyense? Ndani m'kalasi muno amene angakafunse kwa msungichuma mlungu uno, ndipo adzatiuza yankho Sabata liti?